Mmene mungatetezere wailesi ya m'galimoto kuti mbava zisaichotse

Ine ndimayendetsa Sienta, ndimanyamula anthu kuchoka pa Chitakale kupita ku Limbuli mpaka pa boda pa Muloza, tsiku lina ndikapeza hayala ndimafika ku Luchenza kapena ku Limbe kudzera nsewu wa Midima. Galimoto imeneyi ndi munda wanga, ndi imene imalipira fizi ya ana. Nde chaka chatha mu June, usiku wina wa chiperoni, kamvula kaja kosakata kakungowaza pa malata, galu atakabisala kukhitchini chifukwa cha kuzizira, anthu analowa pakhomo panga nkundichotsera wailesi. Sindinamve kanthu olo pang'ono. Cha mma 5 mmamawa ndikupita kukaliza galimoto ndinangoona galasi la chitseko cha pasenjala lili mbwee pansi ngati mchere wamibulu, mpando wanyoweratu ndi mvula, pa dashibodi pali chibowo, mawaya ali lendelende atadulidwa ndi mpeni. Panelo yozungulira wailesi anachita kuikanula ndi chitsulo mpaka kuthyola ndi batani la hazadi lomwe.

Wailesiyo inandiwawa ndithu koma zimene zinabwera pambuyo pake nde zinandipweteka kwambiri. Galasi ndinakalisaka ku Limbe masiku awiri, wa zamagetsi anatha tsiku lathunthu akulumikiza mawaya, panelo mpaka lero ili ndi mng'alu, ndipo masiku onsewo galimoto ili chiimire osalowetsa olo kwacha imodzi, makasitomala anga a mmamawa akukwera za anzanga. Zomwe ndikulemba apazi ndinaziphunzira zitachitika kale, zina kwa mkulu amene anandikonzera mawaya uja, zina kwa madalaivala anzanga pa siteji, zina ndinachita kuyesa ndekha. Paja chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, nde inu muziyambe zisanakuonekereni.

Chimene mkulu uja anandiuza tsiku limene lija sindidzaiwala. Anati wakuba wailesi sangoswa galasi mwachisawawa ayi, amayamba waiona kaye kapena kuimva, kenako amawerengera kuti zimutengera nthawi yaitali bwanji. Nde ntchito yathu iyambire pamenepo: asaione, akaiona imuvute kuchotsa, akaichotsa imuvute kugulitsa.

1. Musanagwire sipanala gwirani foni

Wailesi iliyonse yeniyeni, kaya ndi Pioneer, Sony, Kenwood kaya JVC, imakhala ndi kapepala komata pa thupi lake, pansi kapena pamwamba, pomwe analemba modelo ndi siliyo nambala. Ikalowa mu dashibodi kapepalako sikaonekanso, nde nthawi yabwino yojambula ndi isanamangidwe, ngati inamangidwa kale mudzajambule tsiku lomwe mudzatsegule panelo. Jambulani nambalayo izioneka bwinobwino, jambulaninso lisiti, katoni, ampu (chokweza mphamvu ya mawu) ndi wufa (sipika yaikulu yogunda), kenako zithunzizo muzitumize pa WhatsApp ya madamu kapena ya achimwene anu chifukwa foni nayo imasowa. Ine yanga ija nambala yake ndinalibe, nde atandifunsa kupolisi kuti mungaizindikire bwanji itakhala pakati pa zinzake ndinasowa choyankha.

Mukatero tengani msomali wakuthwa mukande nambala ya galimoto yanu pa chitsulo cha m'mbali mwa wailesi. Kukanda ndithu osati kulemba ndi maka, maka amafufutika ndi petulo. Koma osakhoma ndi hamala, osaboola, mkatimo muli bodi ya zamagetsi yosachedwa kufa. Ampu muikande kunsi, bokosi la wufa mulilembe mkati ndi penti. Ngati katunduyo ndi watsopano wa galanti funsani kaye kumene munagula kuti kukandako sikuononga galantiyo.

2. Wailesi yake itiyo

Apa pafunika kuganizapo bwino chifukwa ambirife vuto timachita kuligula tokha. Galimoto zomwe tikuyendera kunozi, ma Sienta, Probox, Passo, Vitz, Freed, zambiri zinachokera ku Japan, ndipo wailesi yobwera nayo nthawi zambiri imagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 basi, pomwe kuno kwathu masiteshoni ali pakati pa 87.5 ndi 108. Nchifukwa chake munthu ukangogula galimoto umapeza kuti masiteshoni ambiri sakugwira, nde chinthu choyamba umathamangira kukazula wailesiyo nkuikapo chisikirini cha Android chowala ngati TV.

Koma taonani, wailesi yachijapani ija mbava siifuna kwenikweni, zolemba zake palibe amazimva, ena mwa masikirini ake ukangowachotsa ku magetsi amafuna pasiwedi kapena ka SD card kake kuti ayakenso, nde msika wake ndi wochepa. Ngati yanu ikulira bwino mutha kungoisiya pomwepo, wa zamagetsi akuikireni FM expander kumbuyo pa waya wa eliyo kuti izigwira masiteshoni akuno, kenako mugule modyuleta ya Bluetooth yosomeka pa laita, muitchere pa malo opanda siteshoni pakati pa 87.5 ndi 90, nyimbo za m'foni kapena za mu fulashi zizilira bhobho. Madzulo modyuletayo mumangoizula nkuika m'thumba. Iyi ndi njira yotchipa kuposa zonse ndipo ndi imene ndimauza anzanga amene angogula kumene galimoto.

Ngati mukufunabe yatsopano, sankhani ija yaing'ono yochotsa fesi. Zimenezi amazitcha single DIN, kutsogolo kwake ndi 18 cm mulitali ndi 5 cm kukwera m'mwamba, pomwe zazikulu zija za double DIN ndi 18 cm ndi 10 cm. Fesi ndi mbali yakutsogolo ija yokhala ndi mabatani, mumadina kabatani ka pakona nkuisolola, chotsala mu dashibodi ndi chibokosi chakuda chomwe sichingalire popanda fesi yake. Panopa yanga ndi yoteroyo. Koma abale anga fesiyo izichokadi m'galimoto, osati kuichotsa nkuiika pansi pa mpando kapena mukakabati ka kutsogolo kwa pasenjala, mmenemo nde mmene wakuba amayambira kupisa dzanja. Iikeni mukachikwama kake, ngati kanasowa olo sokosi yoyera imagwira ntchito, musaiphatikize ndi makiyi ndi makoini chifukwa timano take ta kumbuyo tija tikakandika imayamba kuzimazima. Kuno ku Mulanje chinyezi nchambiri, nde timanoto muzitipukuta ndi kansalu kouma pakapita nthawi.

Chisikirini cha Android sindikunena kuti nchoipa, chimathandiza kamera ya livesi ndi zina, koma dziwani kuti ndi chimene mbava zimachikonda, chimaonekera patali, zambiri sizichotsedwa fesi, ndipo ukangochilumikiza pa batire lililonse chimayaka. Walira mvula walira matope, mukachiika zonse zili mmunsimuzi muzichite osadumphako.

3. Isaoneke, isamveke

Mukaimika galimoto tulukani, zungulirani mbali ya pasenjala, yandikizani nkhope pa galasi ngati mmene angachitire munthu wofuna kuba. Chilichonse chimene mwaona iyenso achiona. Fulashi yosomeka, waya wa chaja, chogwirira foni cha pa windisikirini, tindalama ta chenji, zonsezi zimamuuza kuti muno muli zinthu. Olo kachizindikiro kozungulira kamene chogwirira foni chimasiya pa galasi kapukuteni.

Sikirini iphimbeni. Dulani katoni yolimba kapena kapulasitiki kofanana ndi sikiriniyo, kutirani ndi nsalu yakuda yosawala, matani ndi zomatira zija za pa nsapato za ana kuti muzivundukula nkubwezera mosavuta. Usiku munthu akawalitsa tochi amangoona mdima. Mnzanga wina wa Probox anachita zanzeru kuposa pamenepa, anakagula fesi ya wailesi yakalekale ya kaseti kwa ogulitsa masipeya akale nkumaimata pamwamba pa sikirini, ukasuzumira umangoti galimotoyi ilibe kanthu. Chitenje choponya pa dashibodi sichithandiza ayi, chimangoonetsa kuti pali chimene mwabisa. Kakabati ka pasenjala kaja ine usiku ndimakasiya kotsegula kali mbee, makadi a galimoto nditalowa nawo m'nyumba, bola muonetsetse kuti kagetsi ka mkati mwake ngati kalipo sikakutsala koyaka.

Masitika a Pioneer kapena Sony amene amabwera mu katoni aja musamate pa galasi. Kumeneko ndi kuika chikwangwani.

Tsopano nkhani ya voliyumu, iyi nde imativuta ife anyamata a pa siteji. Ine ndinkafika kunyumba 8 koloko usiku wufa ikugunda mpaka mawindo a maneba kunjenjemera, mudzi wonse unkadziwa kuti Sienta ija ili ndi zida ndipo imagona pati. Panopa ndikangopatuka pa tala kulowa kanjira ka kwathu ndimatsitsa kapena kuzimitsiratu. Chimodzimodzi pofika pa msika, pa tchalitchi, pa malo omwera. Gundani muli pa nsewu waukulu pakati pa minda ya tiyi, koma kumene galimoto ikaime ifike mwakachetechete. Komanso musamangouza aliyense mtengo umene munagulira zida zanu, pa siteji pamadutsa makutu ambiri.

4. Kumanga wailesi kuti isazuke msanga

Apa nde pali ntchito yamanja. Ngati simunatsegulepo dashibodi pitani kwa wa zamagetsi amene mumamudziwa, koma muime pomwepo muziona zomwe akuchita.

Yambani ndi kuzimitsa galimoto, chotsani kiyi, masulani teminolo ya negetivu pa batire, pa Toyota zambiri ndi sipanala ya 10. Koma imani kaye, ngati mudakali ndi sikirini yachijapani onetsetsani kuti pasiwedi yake mukuidziwa ndipo ka SD card kake kalimo musanachotse batire, apo bii idzayaka ndi zolemba zachijapani nkukana kugwira ntchito, anthu ambiri alira nazo zimenezi.

Kenako chotsani panelo yozungulira wailesi. Imagwidwa ndi timakilipi, nde kanulani pang'onopang'ono ndi kachipangizo ka pulasitiki, ngati mulibe kulungani nsalu kunsonga kwa sikuludiraiva, kuyambira pakona. Mukaichotsa mupeza wailesi yagwidwa ndi mabulaketi awiri m'mbali, ndipo mabulaketiwo amangidwa ku dashibodi ndi mabawuti anayi. Anayi okha basi, ndipo ndi wamba, sipanala kapena sikuludiraiva ya sitala iliyonse imamasula. Munthu wozolowera satenga nthawi pamenepa. Komanso mukatsegula musadabwe kupeza kuti amene anakuikirani wailesi anamanga awiri okha, kapena anangoikankhira mkati nkutsekera ndi katoni, zimachitika kwambiri.

Chochita ndi kusintha mabawuti amenewa, olo awiri mwa anayiwo, muike a mutu wachilendo. Alipo a Torx okhala ndi kamsomali pakati pa mutu, samasuka popanda kachitsulo kake koboola pakati, afunseni mmashopu a hadiweya akuluakulu ku Limbe kapena ku Blantyre mutatenga bawuti yakale ngati sampulo kuti mazinga afanane. Mukawasowa sakanizani mitu, wina wa alenikiyi wina wa sitala wina wa sipanala, kuti munthu asamalize ndi chida chimodzi. Kachitsulo komasulira kazikhala kunyumba osati m'galimoto.

Chenjezo lalikulu lili pa masikuluwu olowa m'thupi la wailesi lenilenilo, aja ogwira bulaketi. Amenewa asatalike kuposa amene analipo. Wailesi zambiri zinalembedwa m'mbali kutalika kololedwa, zina 8 mm zina 6 mm, mukaika yaitali imakafika pa bodi nkuiotcha tsiku lomwelo.

Chinanso chimene ambiri sachita ndi kumanga kumbuyo. Wailesi zambiri za single DIN zimakhala ndi kabowo ka bawuti kumbuyo kwake. Pezani kachitsulo kopyapyala kokhala ndi mabowo, mbali imodzi mumange kumbuyo kwa wailesi, mbali inayo pa chitsulo cha galimoto cha kuseri kwa dashibodi, pa bawuti yomwe ilipo kale. Munthu akamasula kutsogolo nkukoka amapeza kuti ikukanabe ndipo sakuona chomwe chaigwira. Ngati yanu ndi yolowa mu kakhola ka chitsulo, pindani timano tonse ta kakholako tigwire dashibodi, ndipo timakiyi tiwiri tosololera tija musatisiye m'galimoto.

Kuseri kwa dashibodi musaboole mwachimbulimbuli ndipo owotcherera asayandikireko. Mukaona mawaya okutidwa ndi chikasu okhala ndi mapulagi achikasu, amenewo ndi a airbag, asiyeni mmene alili. Musawasokoneze ndi waya wachikasu mmodzi wa pa pulagi ya wailesi, ameneyo ndi wa magetsi a batire osazima, wofiira ndi wa kiyi, wakuda ndi wa efi.

Ndinene chilungamo apa, wailesi yomangidwa kwambiri ikapezana ndi wakuba wa mtima woipa amene ali ndi nthawi, amatha kuphwanya dashibodi yonse chifukwa chokwiya. Nchifukwa chake kubisa ndakuika patsogolo. Kumangaku kumathandiza pa malo amene munthu ali ndi mphindi zochepa, pa msika, pa maliro, panja pa shopu.

5. Ampu, wufa ndi masipika

Bokosi la wufa longoikidwa m'buti ndi katundu wonyamula ngati thumba la ufa. Limangeni ndi mabulaketi a kona, mabawuti ake mitu kapena manati akhale mkati mwa bokosi, kutanthauza kuti pofuna kulimasula mpaka uyambe wachotsa sipika yonse. Ampu ikhale pansi pa mpando kapena malo osaoneka, yomangidwa pa thabwa, thabwalo lomangidwa ku galimoto, koma isiyireni mpata wopuma chifukwa imatentha.

Musanaboole pansi pa galimoto gwadani muone kaye kunsi. Kumeneko kumadutsa mapaipi a mabuleki, a mafuta ndi thanki imene. Honda Fit mwachitsanzo thanki yake ili pansi pa mipando yakutsogolo, pomwepo pamene munthu angafune kumangapo ampu. Bola kugwiritsa ntchito mabawuti omwe alipo kale.

Waya wamkulu wa ampu wochokera ku batire akhale ndi fyuzi pafupi ndi batirelo, osapitirira 45 cm. Ichi sichiletsa kuba koma chimapulumutsa galimoto, chifukwa wakuba amangodula waya nkumusiya akukhudza chitsulo, popanda fyuzi pamenepo moto utha kubuka. Masipika a 6x9 a pa thabwa la kumbuyo aja aphimbeni ndi nsalu yakuda yopyapyala, mawu amadutsa bwinobwino, a mzitseko akhale kuseri kwa zotchingira zobwera ndi galimoto.

6. Maloko ndi alamu

Mukadina rimoti musangomva kulira nkumapita, gwirani chitseko chilichonse mukoke. Pa Sienta zitseko zotsetsereka zija ndi chakumbuyo zimakonda kunamiza, makamaka galimoto ya matola imene imatsegulidwa kambirimbiri pa tsiku, mota ya loko imatopa nkumasiya chitseko chimodzi chosakiya. Windo losafika pamwamba likonzeni sabata yomweyo, kampata ka chala kamakwana kulowetsa waya. Loko amene wayamba kutseguka ndi kiyi aliyense musintheni.

Alamu ndi yofunika koma ikhale yoikidwa bwino. Muuzeni woikayo kuti ilumikizidwe ku zitseko zonse, ku buti ndi ku boneti komwe, chifukwa wakuba wochenjera amayamba watsegula boneti nkuchotsa batire. Sailini ikhale pamalo povuta kufikapo dzanja kuchokera kunsi, ndipo ngati thumba likulola gulani ija yokhala ndi kabatire kake mkati, imalirabe olo adule waya. Kagetsi kofiira kophethira kaja kakhale poonekera. Olo mulibe ndalama ya alamu panopa, kagetsi kokhako wa zamagetsi atha kukuikirani motchipa, kamamupangitsa munthu kuganiza kawiri.

Sensa yomva kugunda ija imakhala ndi kotembenuza. Mukaikweza kwambiri alamu izilira ndi bingu, ndi mvula yathu yamphamvuyi, ndi lole iliyonse yodutsa, ndi mango ogwera pa denga, pakatha sabata ziwiri maneba atopa nayo ndipo inu nomwe muzingodina rimoti muli mu bulangete osadzuka. Itchereni kuti izilira mukamenya galasi ndi chikhatho mwamphamvu pang'ono, osati mukangotsamira. Kuiyesa kwake nkosavuta, tsitsani windo limodzi, kiyani ndi rimoti, dikirani mphindi imodzi, lowetsani dzanja mutsegule chitseko kuchokera mkati. Ikapanda kulira bwererani kwa amene anaika. Muchite chimodzimodzi chitseko chilichonse. Ngati galimoto ikhala masabata osayenda dziwani kuti alamu imadya batire pang'onopang'ono, muziiliza.

7. Poimika

Kunyumba galimoto igone pafupi ndi windo la kuchipinda kwanu osati kuseri kwa bafa ngati mmene ndinkachitira ine. Mbali ya pasenjala ndimaiyandikiza kukhoma mpaka chitseko sichingatseguke. Ndinagula getsi la sola lija loyaka lokha munthu akadutsa, ndinalikhoma pamwamba posafika dzanja, limagwira olo magetsi azime, bola panelo yake iziona dzuwa ndipo masiku a chiperoni muzilionetsetsa kuti latchaja. Pansi pozungulira galimoto ndinathira miyala ya kwale, munthu sangapondepo osamveka. Usiku wa mvula ndi umene muyenera kusamala kwambiri, malata akamasokosa galasi limasweka inu osamva, galu naye amakhala wabisala. Ngati mulibe mpanda kambiranani ndi neba amene ali ndi geti, kapena malo amene pali mlonda, muzipereka kangachepe pa mwezi, nkotchipa kusiyana ndi galasi.

Kunja nde malo ovuta ndi amene anthu onse maso ali kumodzi. Pa maliro usiku anthu ali pa moto ndi mnyumba ya siwa, galimoto zili mumdima kumunda kwa chinangwa. Pa ukwati, pa mapemphero a usiku wonse, ku mpira, ku Chonde nthawi ya Mulhako wa Alhomwe mu October pamene galimoto zimadzaza mpaka kusowa poponda. Pa malo ngati amenewa madalaivala imikani pamodzi, muzisinthana kukazungulira, kapena mupeze munthu wodziwika pamudzipo aziyang'anira, mumupatse theka poyamba theka pobwera. Mukapita kokayenda ku phiri, kaya ku Likhubula kukaona Dziwe la Nkhalamba, mukhala maola angapo muli kutali, nde siyani galimoto pamalo pamene pali oyang'anira osati pambali pa nsewu chifukwa choopa kulipira.

Pa msika ngati pa Limbuli, pa Bvumbwe kapena pa Luchenza ine ndimaimika kutsogolo kwa amayi ogulitsa nthochi kapena nanazi, ndimawapatsa moni, ndimagulako, nkuwauza kuti mayi ndasiya galimoto apa ndikubwera. Amayi amenewa amakhala pamalo amodzi tsiku lonse ndipo nkhope zonse za pamsikapo amazidziwa, munthu sangayambe kusuzumira m'galimoto iwo ali chete.

Kotsukitsa galimoto ndi ku galaja chotsani fesi, modyuleta ndi fulashi musanapereke kiyi. Sikuti mukuwaganizira zoipa anyamatawo ayi, ambiri ndi okhulupirika, koma pamalo pamene zitseko zili zotsegula anthu odutsa ndi ambiri, ndipo chikasowa chinthu amene amavutika ndi mnyamata wosalakwa. Kiyi wa galimoto muzipereka yekha osati pamodzi ndi a geti ndi a nyumba.

8. Zikachitikabe

Musathamangire kusesa magalasi. Jambulani kaye zonse mmene zilili, kenako masulani negetivu ya batire chifukwa waya wachikasu wa wailesi uja amakhala ndi moto olo kiyi mulibe, akakhudza chitsulo aphulitsa fyuzi kapena kuotcha mawaya ena. Waya aliyense wodulidwa mumukulunge tepi payekhapayekha. Windo litsekeni ndi pepala la pulasitiki kuti mvula isalowe, tepi yake igwire pa labala kapena mkati osati pa penti.

Pitani kupolisi tsiku lomwelo ndi zithunzi ndi siliyo nambala, mutenge lipoti. Ngati inshuwalansi yanu ndi third party dziwiranitu kuti siilipira zakuba, imeneyo ndi ya anthu ena amene mwawapweteka kapena kuwaonongera katundu pa nsewu. Ya comprehensive, ija yolipiranso galimoto yanu yomwe, nayo funsani lero lomwe ngati wailesi yoika nokha ilimo, chifukwa kawirikawiri zida zoonjezera zimafuna kuti muzilembetse. Uzani apolisi a m'mudzi, magulupu a WhatsApp a madalaivala, komanso okonza zamagetsi a galimoto a pa Chitakale, pa Boma, pa Limbuli ndi pa Luchenza, chifukwa wailesi yobedwa imafunika munthu woilumikiza ndipo kumeneko nkumene imakathera. Achite kuuzidwa msanga, katundu wotere sagona malo amodzi.

Mukaiona penapake musayambe ndewu kapena kukuwa kuti wakuba. Gulu likasonkhana zinthu zimafika poipa mphindi zochepa, munthu atha kufa chifukwa cha wailesi, mwinanso amene mwamupeza nayoyo anangogula. Onani chizindikiro chanu mwakachetechete mukatenge apolisi.

9. Wailesi yoduka mawaya

Patatha mwezi chibedwereni yanga, dashibodi idakali ndi chibowo, mnyamata wina anandipeza pa siteji ndi jumbo yakuda, akuti bwana ndamva mukusowa wailesi, ndili nayo yabwino mtengo wochezeka. Anaitulutsa, Sony yooneka bwino ndithu, koma kumbuyo mawaya anali odulidwa aafupi ngati chala, m'mbali muli zokandika za chitsulo chokanulira, kapepala ka siliyo nambala atakapala. Ndinaiyang'ana ndipo zimene ndinaona ndi mpando wanga wonyowa uja ndi magalasi pansi, kungoti tsopano anali a munthu wina amene mmamawa umenewo anadzuka nkupeza chibowo ngati changa. Ndinamubwezera. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, koma olo pakanapanda lamulo, anthu amenewa amaswa magalasi athu chifukwa akudziwa kuti mmawa wake dalaivala mnzathu agula.

Wailesi yogwiritsidwapo kale ntchito mutha kugula, si zonse zakuba, ena amagulitsa chifukwa aika ina. Koma funsani inachoka m'galimoto iti ndipo mwini wake ndani, onani ngati pulagi yake ya kumbuyo ilipo yathunthu ndi mawaya aatali, ngati kapepala ka nambala kali bwinobwino, ngati rimoti kapena kakhola kake kalipo. Wogulitsayo akulembereni pa pepala dzina lake, nambala ya foni, modelo ndi siliyo nambala, asayine, inu mujambule pepalalo pamodzi ndi wailesiyo musanapereke ndalama. Akayamba kuti bwana ndathamangitsidwa ingondipatsani iliyonse yomwe muli nayo, bwezerani mu jumbo mwake.